Ufa woyera m'phala la Rosália

Fonte Boa, Julayi 1953

Okondedwa alamu a Elizabeti,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tete pamodzi ndi a Bartolomeu ndi ana. Kuno kuzizira kwakula, koma moyo tili nawo.

Ndisanafotokoze, zinthu zitatu zikhazikike. Rosália ali moyo. Mwana akuyamwa bwino. Ndipo ine sindinayende ndi mkazi wina, ngakhale mudzamva zosiyana.

Chibadwire mwanayu, mng'ono wanu wakhala akudandaula msana. Zala zimamukokana akamasenda mbatata, ndipo dzino la m'munsi layamba kugwedera. Ndinapita naye kwa irimã, asisitere a kuchipatala cha misau, mishoni yathu ino. Iwo anati mwana akamayamwa amatengako mwa mayi chinthu cholimbitsa mafupa, chotchedwa kalisiyo. Anatipatsa botolo la mibulu yoyera ya mankhwala, nati azidyanso matemba ndi minga yake yomwe, masamba ndi mkaka.

Rosália amalephera kumeza mibulu, ndiye ndinkaiphwanya ndi supuni n'kuwaza m'phala lake. Ndinkachita ndekha poopa kuti muyeso ungalakwike. Mukundidziwa mmene ndilili.

Lachiwiri apongozi anafika kuchokera ku Lifidzi n'kundipeza nditawerama pa mbale, ndikuwaza ufa woyera. Anakuwa kuti mwamuna akuthira mchere m'chakudya cha mayi woyamwitsa! Anati n'chifukwa chake mwana wawo akutha mafupa, kuti ndinatentha kunja ndipo ndamudula, ndi tsempho limeneli.

Ndinawauza kuti si mchere. Ndinanyambita ufawo iwo akuona, n'kunena kuti ukumveka ngati jizi, choko chimene ndimalembera kusukulu. Apa mpamene ndinaonongera. Anandifunsa ngati mwana wawo wasanduka khoma loti aprofesoro azilembapo. Rosália anayesa kundiikira kumbuyo, koma anamuuza kuti wodulidwa sadziwa kuti wadulidwa.

M'mawa mwake anamutenga ndi mwana yemwe n'kupita nawo ku Lifidzi. Botolo anakana kulinyamula, akuti chochokera m'manja mwanga chili chotentha. Lili pano pa zenera.

Alamu, ndikuopa. Ku Lifidzi akukumba mbatata, ndipo iye sadzakhala pansi amayi ake akusenza. Muganizeni Rosália akutsetsereka ndi dengu pamutu, mwana kumsana, pa mtunda uja wopita kudimba. Irimã sananene kuti mafupa angathyoke, koma sananenenso kuti sangathyoke. Ndinaiwala kufunsa, ndipo zimenezi zikundidya.

Pempho langa nali. Apongozi amamvera inu. Manja anu sakuwakayikira. Bwerani mudzatenge botololi mukalipereke nokha, kapena lembani mawu oti katekisita wa kumeneko akawawerengere. Ngati afuna ankhoswe akhale pansi andifunse, ndivomera. Ngati afuna mankhwala a tsempho tidye pamodzi, ndidya, ngakhale abambo mfumu akamva ntchito ikhoza kundithera. Mlandu wanga ungadikire. Dzino lija silidikira.

Muwauzenso kuti ndi m'bulu umodzi m'mawa, wophwanyidwa bwino. Ndipo Rosália asasenze.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa a Bartolomeu ndi kwa Sesilia wamng'ono. Chonde yankhani ndi galimoto yoyamba yobwera ku Vila Coutinho, ngakhale mawu amodzi okha, akuti ndikubwera.

Ine mlamu wanu,
Policarpo