Nkhupakupa Kuseri kwa Bondo

Chatham, New York
17 Juni 2019

Okondedwa achemwali Geraldine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Arizona kwanuko, dziko louma lopanda nkhupakupa zathu zakunozi. Kuno udzu wafika m'chiuno, agwape akungoyenda m'munda wa maapozi ngati anadzala ndi iwo. Munafunsa pafoni za alamu anu a Wendell, ine n'kuyankha kuti akupezako bwino. Anali pafupi, n'chifukwa chake. Lero mundilole ndilankhule.

Matenda a Laimu aja, obwera ndi nkhupakupa, sanawasiye. Mapiritsi a dokisi anamwa mpaka kumaliza, anabwerezanso, koma mawondo akadali otupa ndipo mutu akuti umakhala ngati muli nkhungu. Dokotala wathu wakale akuti tizilombo tinafa kale, chatsala n'kudikira thupi, mankhwala ena angowononga m'mimba. A Wendell sanamve zimenezo. Anapeza dokotala wina ku Albany amene amawaika diripi Lachiwiri ndi Lachisanu. Amene akunena zoona ndani, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pampando woyandikana nawo pamakhala mzimayi wina wamasiye, dzina lake Lorraine.

Musaseke, achemwali. Si wokongola ayi, ndi wotuwa, amayenda ndi ndodo. Koma anadwala kale kuposa a Wendell, ndiye amadziwa zonse. Ndi iye anawauza kuti dokisi samwera mkaka, pamene ine ndinkawapatsira mkaka m'mawa uliwonse poganiza kuti ndikuwasamala. Ndi iye anawagulira chipewa chachikulu chifukwa mankhwalawa amapsereza khungu padzuwa. Chipewa changa chimene ndinawagulira chili pamsomali. Ine ndikafunsa kuti mwadzuka bwanji, yankho ndi "choncho". Koma Lorraine akaimba foni, amamufotokozera bondo lililonse palokha, mpaka kuseka. Munthu amene sanaseke nane chiyambire chisanu! Tsiku lina ndinalowererapo kuti inenso msana ukundivuta. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Darlene, iwe sungamvetse. Uli bwinobwino iwe." Sindinadziwe kuti kukhala wathanzi ungakhale mlandu m'nyumba mwako momwe.

Mukukumbukira mmene amayi ankativulira pakhomo tikachoka kutchire, kutiyang'ana m'tsitsi, m'khwapa ndi kuseri kwa makutu? Ine ndi a Wendell tinkachita zomwezo madzulo alionse kuyambira titakwatirana. Iwo ankati akusaka nkhupakupa, koma ankachedwa dala, ine n'kumawanena kuti bambo inu, pamenepo mwaonapo kale. Chidwalireni anasiya. Ine ndimawayang'anabe, ngakhale satulukanso panja. Ine amene ndimatchetcha udzu m'munda palibe ondiyang'ana.

Lachitatu lapitali ndikusamba ndinaimva nkhupakupa ndi chala kuseri kwa bondo lamanzere, yaing'ono ngati kambewu ka mpiru. Ndinatenga kachitsulo kopanira kamene timazulira nkhupakupa, ndinakhala m'mphepete mwa bafa. Kenako ndinakabwezera m'kabati. Inde, achemwali, ndinaisiya. Ndimadziwa bwino kuti ikakhalitsa pathupi m'pamene imapatsira matenda, mwana aliyense kuno amadziwa. Koma mumtima ndinati, chipinda cha diripi chija chili ndi mipando yambiri, umodzi ungakhale wanga. Inenso ndikhale ndi bondo loti a Wendell azilifunsa.

Madzulo ndinavala kabudula, n'kumadutsadutsa pamaso pawo. Sanaone kanthu, anali pafoni. Mawa lake ndinalephera kupirira, ndinaima pakati pa iwo ndi wailesi ya kanema.

"Wendell, tandiyang'anani."

Anadabwa, koma anavala magalasi, n'kugwada movutika ndi mawondo awo aja. Anayambira m'tsitsi ngati kale. Zala zawo zikuyenda pang'onopang'ono pakhosi, pamsana, ine misozi ili m'maso. Atafika pabondo anaipeza. Inali itatupa kale. Anaizula bwinobwino, mutu wake wonse, n'kuiika m'kabotolo. Nkhope yawo inasintha, ndinaona mantha enieni, a ine. Anandigwira mwendo ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Iwe ayi. Matenda awa iwe ayi." Ndinati basi, mwamuna wanga wabwerera.

Kenako anatenga foni. Mukudziwa kale amene anamuimbira.

Lorraine anabwera yekha pagalimoto yake, poti a Wendell sayendetsanso, ndipo anati ine ndisayendetse ndili wosokonezeka chonchi. Ananditengera kuchipatala chapafupi, anauza namwino zonse ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo namwinoyo anandipatsa mapiritsi awiri a dokisi omwa kamodzi, oteteza matenda asanayambe. Lorraine anandigulira madzi, n'kundikumbutsa za mkaka, ineyo amene ndinkaupereka kwa a Wendell. Pobwerera anayang'ana kabotolo kaja, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti nkhupakupa yotupa chonchi munthu amaimva posamba. Ndinangoyang'ana pawindo. Iye anati, "Mpando uja si wabwino, Darlene. Ine ndingakupatse lero lomwe, undipatse miyendo yako." Lorraine sanawauze kanthu a Wendell. Zimenezo n'zimene zikundiwawa koposa, chifukwa tsopano ndiyenera kumuthokoza, komanso amadziwa za ine zimene mwamuna wanga sadziwa.

Mapiritsi ndinamwa, musade nkhawa. M'mawa uliwonse ndimayang'ana pagalasi, palibe chizindikiro chofiira chozungulira chija cha Laimu pakhungu, palibe malungo. Ndili bwinobwino, monga ananenera a Wendell. A Wendell anandiyang'ananso madzulo a tsiku lotsatira, koma dzulo anati atopa, ndidziyang'ane ndekha ndi galasi laling'ono. Mawa ndi Lachiwiri, ndiwaperekeza ku Albany. Achibale salowa m'chipinda cha diripi, ndiye ndikakhala m'galimoto. Pamene ndimaimika pamaoneka windo lawo, ndimatha kuona chipewa chija chitapachikidwa pampando wa Lorraine.

Mundiperekere moni kwa alamu a Russell ndi ana onse. Amayi musawauze, angandivule pakhomo ndi ukalamba wangawu. A Wendell akupereka moni. Lorraine nayenso, munthu amene simunamuonepo, wati ndikupatseni moni, ndipo ndalemba poti ndinavomera. Mukamapemphera Lamlungu muwatchule alamu anu. Koma muyambe ndi Lorraine. Mumupempherere achire msanga, achire kotheratu, ataye ndodo, asadzafunenso diripi moyo wake wonse. Sindinafunirepo munthu zabwino ndi mtima woipa chonchi.

Ndine mng'ono wanu wathanzi,
Darlene