Akadzidzi a ku Woolwich

Loweruka madzulo. Miyendo ikuwawa koma mtima uli m'malo.

Lero ndinali pa ofu, ndiye mwana wanga Tadala anatikoka ine ndi amayi kukasaka ziboliboli za akadzidzi zimene aziika m'misewu ya Woolwich. N'zazitali kuposa munthu, zopakidwa utoto wowala. Sindinaganizeko n'komwe kuti amayi angobwera kumene kuchokera ku Zomba.

Titapeza kadzidzi woyamba pafupi ndi msika, amayi anangoti chilili.

"Mwana akukumbatira mbalame yoitana maliro, iwe n'kumangoonerera?"

Ndinawafotokozera kuti zibolibolizi akadzazigulitsa, phindu lake lidzapita ku nyumba yosamalira ana odwala kwambiri. Ankangotitsatira chapatali, chikwama atachipanira m'khwapa, Tadala akuthamanga patsogolo.

Titafika pa womaliza, wa maluwa achikasu, m'mbali mwa mtsinje, anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Uyu ndiye analapa," anatero. "Tandijambula, koma usatumize kumudzi."

Chithunzicho sindikutopa kuchiyang'ana. Aima mowongoka ngati ali pa kwaya, Tadala ali pambali pawo akuseka, ndipo dzanja lawo latsala pang'ono kukhudza phiko.