Nyimbo ya Mzime Yopanda Mawu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinatha? Kuno tilipo, kupatula miyendo ya amayi imene ikumavutabe m'mawa.

Nkhani ndi ya Mzime wathu. Inde, yemwe uja tinkamuseka kuti manja ake amadziwa gitala koma tsache salidziwa. Loweruka masana anakaimba mu holo yaing'ono ya ku laibulale. Ine ndinapita chifukwa cha chibale chabe, kuti mipando isachite manyazi. Achimwene, ndinabwerako kukamwa kuli yasa.

Analibe ng'oma, analibe womuvomera. Anangokhala pampando, gitala pamwendo, n'kumaimba motsitsa ngati akukunong'oneza. Anayamba ndi nyimbo ya malemu bambo, momwe ankanyambitira ulusi asanaulowetse pasingano, tepi ili m'khosi, uku akukalipira kasitomala wonenepa kuti asabweze mimba pomuyeza. Anthu anaseka, kenako holo yonse inangoti zii. Bambo wina amene sitimudziwa n'komwe ankapukuta misozi ndi chipewa, akuti amenewo ndi bambo ake enieni. Mwana amene tinkamusintha matewera uja, zimenezi anazitenga kuti?

Chakumapeto anaimba gitala yekha, osatsegula pakamwa, nyimbo yonse mpaka kutha. Sindinamvepo chinthu chokoma ndi chowawa nthawi imodzi ngati chimenecho. Atamaliza anangoti, "Iyi mawu ili nawo, koma mwini wake sanaimve."

Pajatu Mzime ali ndi lamulo lake. Saimba za munthu wamoyo pagulu mpaka mwini wakeyo atakhala naye maso ndi maso, kumvetsera, n'kuvomera. Yanga anandiimbira kukhitchini, ndipo ndinamuchotsetsa ndime ya mkonono wanga. Ya amayi anawaimbira pakhonde.

Nyimbo yopanda mawuyo ndi yanu, achimwene. Mzime anatiuza yekha.

Sindikudziwa ngati ikunena za tsiku lija munakangana ndi bambo n'kunyamula chikwama, kapena za maliro awo amene simunabwere. Ndinamunyengerera kuti akuimbireni pafoni, koma anati pafoni munthu amavomera ndi pakamwa pokha. Amayi, amene anakhala pambali panga mu holomo, anamupempha kuti awauze ngakhale mzere umodzi. Mzime anagwada bwinobwino n'kuwakana.

Mukuwadziwa amayi, sadandaula. Anangondiuza tikubwerera kuti sakufuna kutsikira kulichete asanaimve nyimbo imeneyo. Mawu amenewa andisowetsa mtendere.

Ndiye ndikukupemphani, bwerani, ngakhale kwa masiku ochepa. Palibe amene akakufunseni zakale. Mukaimva n'kuikana, Mzime akuti aikwirira ndipo sidzamvekanso. Koma choyamba muimve.

Chuni chake amayi anachigwira tsiku lomwelo. Akamasesa amaching'ung'udza, ndipo poti mawu ake sakuwadziwa, aikamo awoawo. Dzulo ndinaima kuseri kwa chitseko kumvetsera. Ndi dzina lanu lokhalokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mulungu akusungeni ndi kukutsegulirani njira. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awasowa kwambiri.

Ndine,
Mlongo wanu wolongolola uja