Sitikubweza, Tikungoonetsa

Lachitatu

Ine 07:12
achemwali taonani extension ija ndinagula ku shop komwe amagwira ntchito alamu. yasungunuka yonse. ma uniform a eni ake amene ndimasoka apsa
[chithunzi]

Achemwali 07:15
mayo ine. iweyo uli bho?

Ine 07:16
dzanja lokha latupa, ndimazimitsa moto ndi bulangete. mwana anali gone pansi pa tebulo pomwepo

Alamu 07:31
pepani mlamu. koma musabwere nayo kuno pls, bwana angokulozerani chikwangwani

Ine 07:31
chiti

Alamu 07:32
katundu wogulidwa sabwezedwa

Ine 07:33
kkkk ok. sindibweza

Ine 11:05
ndafunsa pa group ya msika. ya mayi a salon inaphulika, ya a barber inapsereza khoma. onse analozeredwa chikwangwani chanucho. alamu, bwana wanu akudziwa zimenezi?

Ine 11:48
alamu ndikuona mwawerenga

Achemwali 12:02
🎤 0:24 iwe tamvera, usamupanikize mlamu wako. ntchito ndi yomweyi, akamuchotsa ana adya chiyani? ingogula ina kwina, zithe

Ine 12:04
wamva mmimba ndiye atsekula chitseko achemwali. ndikanakhala ndili pa maliro lero mukanati zithe?

Lachinayi

Ine 09:20
[chithunzi]
ine ndi anzanga a pa group ya msika aja tayala tebulo tsidya la msewu, moyang'anana ndi khomo la shop. aliyense wabwera ndi yake yopsa

Alamu 09:22
mlamu mukufuna mundiphe eti. bwana akutuluka thukuta mu office

Ine 09:23
muwauze sitikubweza. tikungoonetsa. chikwangwani chawo sichikuletsa kuonetsa

Ine 10:10
bwana atuma mlonda kuti atithamangitse. wayang'ana pa tebulo, akuti nayenso inamuotchera wailesi kkkk. wabwerera

Achemwali 10:14
ukuseka koma ine mtima uli mmwamba

Ine 10:15
nanenso ndikuopa achemwali. koma pano sindichoka

Ine 11:30
tawaimbira a boma oyeza katundu aja, tawatumizira ndi zithunzi. akuti afika masana ano. anthu adzaza, palibe akulowa mu shop

Alamu 12:40
zavuta. bwana akuti makatoni onse otsala apakiridwe mu van, ituluke geti la kumbuyo. akagulitsidwe ku shop yawo inayo. a boma akafika apeze shelefu ili mbee

Ine 12:41
akuyendetsa ndani

Alamu 12:46
ine

Ine 12:47
🎤 0:31 alamu, ine sindikukakamizani. mwandithandiza zambiri, makina osokerawa munandinyamulira ndinu. koma ku shop inayo akagula mayi wina, akailumikiza pamutu pa mwana wake ngati ine. inuyo mukudziwa zomwe zili mmakatonimo. geti la kutsogolo liliponso

Ine 12:58
alamu?

Ine 13:09
achemwali nanunso mwangoti zii

Ine 13:10
ok. kumbuyoko tilibe munthu, dutsani bwinobwino. ife tikhalabe pano ndi zopsa zathu

Achemwali 13:24
ndinali ku chipinda kwa ana. fan yawo ili pa extension ya mtundu womwewo, munabwera nayo ndinu bambo a ana. ndaigwira, ikutentha ngati simbi. ndaizula

Achemwali 13:25
dzerani kutsogolo. akakuchotsani akuchotseni, sitifa. ndinakwatiwa ndi inu musanayambe ntchito imeneyo

Ine 13:37
a boma afika. bwana akuwalandira ndi mano onse panja, akuwaonetsa shelefu

Ine 13:38
alamu muli kuti

Alamu 13:41
mlamu sunthani tebulo lanulo. van ndiimika pomwepo