Ndodo Yochirikiza Windo

Nathenje,
Lilongwe.
12 Seputembala 2023

Okondedwa Amalume,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Namwera, ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tili bwino, kungoti fumbi latituwitsa tonse.

Ndalemba kalatayi chifukwa a Shaibu, wapampando wa komiti ya madrasa yathu, anena kuti akuimbirani foni kuti mundiwongole. Akuti poti munandiphunzitsa ndinu, ndikumverani inuyo. Ndafuna kuti nkhaniyi muyambe mwaimva kwa ine, ndipo mukudziwa kuti pafoni ndikamva mawu anu, anga amandithawa.

Mwezi wathawu kunali mpikisano woloweza masura a m'Korani ku Mitundu, ndipo ana anga anakhala omaliza. Sindibisa, Amalume, ana a ku Mitundu amalakatula ngati madzi a pampopi, pomwe anga anatsalira ndi masura angapo. Pobwerera m'minibasi palibe kholo lomwe linandilankhula. Manyazi anandigwira kwambiri.

Chomwe chinatichedwetsa ndi ichi. Tsiku lina tinkaloweza sura ija yodzudzula munthu wokankha mwana wamasiye. Ana ankabwereza pambuyo panga mokweza monga mwa masiku onse. Tili mkati ndinaona Sakina, amene amaloweza msanga kuposa onse, akukankha Rukia ndi chigongono kuti achoke pamkeka. Rukiayu mayi ake anamwalira chaka chatha ku esiteti ya fodya, amasungidwa ndi azakhali ake, ndipo mpango wake ndi wong'ambika. Pakamwa pa Sakina pankatuluka Chiarabu chomveka bwino, osaphonya ngakhale chilembo chimodzi, uku chigongono chili pantchito.

Ndinaimitsa kalasi. "Sakina, mawu ukunenawa akutanthauza chiyani?"

"Kaya, Aphunzitsi. Koma ndalakwitsa pati?"

Sanalakwitse paliponse, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa. Ndinawamasulira suray o m'Chichewa, mzere ndi mzere. Sakina anasendera yekha, Rukia n'kukhala. Kuyambira tsiku limenelo sitidutsa sura tisanakambirane zomwe ikunena, ndipo ana amafunsa mafunso mpaka nthawi ya pemphero la swala kukwana. N'chifukwa chake tikuyenda ngati ngolo.

A Shaibu atabwera kudzandiona anati, "Mwana aloweze kaye mutu ukadali wofewa, tanthauzo adzalipeza akakula. Ife tinaphunzira choncho, kodi tinasochera?" Sindinawayankhe mwano, chifukwa zimene akunenazo zili ndi zoona zake. Zomwe ndinaloweza ndili wamng'ono sizinandichoke mpaka lero, ndipo ana anga sanasiye kuloweza. Koma Rukia sangadikire kuti Sakina akule.

Kenako anafunsa za ndodo yokwapulira ana. Mukuikumbukira ndodo ya mtengo wa gwafa munandipatsa ndikubwera kuno ija? Musade nkhawa, ilipo, ndipo imagwira ntchito tsiku lililonse. Ndiyo imachirikiza windo kuti mphepo isamalimenyetse. A Shaibu anaiona pamenepo koma sanaseke. Komiti yati ndibwerere ku kaphunzitsidwe kakale, apo ayi akatenga mphunzitsi wina ku Mitundu. Chomwe akudikira ndi mawu anu basi.

Sindikukupemphani kuti mundiikire kumbuyo ngati mukuona kuti ndalakwa. Mukagwirizana nawo sindikangana nanu, ndingolongedza katundu wanga, ngakhale mtima undipweteka chifukwa anawa ndawazolowera. Koma kuti ndichotse ndodoyo pawindo, ndizimvanso mwana akunena mawu amene sakuwadziwa ine n'kukhala chete, chimenecho chokha sinditha.

Musanawayankhe a Shaibu, ndikupempheni mukumbukire chinthu chimodzi. Sura imeneyi munandilowezetsa ndinu, ndodo ndinailawa ndithu, ndipo simunandimasulire ngakhale liwu limodzi. Komabe tanthauzo lake sindinavutike nalo. Tsiku lomwe mayi anga anaikidwa m'manda, abale akukankhirana za woti anditenge, inu munandikweza panjinga n'kukandikhazika pamkeka umodzi ndi ana anu. Ine ndinali ndi poonera. Ana a kuno si onse ali ndi amalume otero, ndiye ine ndimachita kuwauza.

Mundiperekere moni kwa amayi kunyumbako, komanso kwa Amidu ndi Mariamu, amene anandisenderera pamkeka paja. Mankhwala a mwendowo musamadumphitse. Allah akusungeni.

Ine mwana wanu amene simunamukankhe,
Asiyatu