Chithunzi cha pa desiki

Lachinayi. Mtima sukukhala m'malo.

Lero kusukulu kunali msonkhano wa makolo. Mayi Phiri a konkuno ku Tyrrelstown, kudziko la eni kuno, atamva kuti ndine Mmalawi mnzawo anasangalala. "Aphunzitsi, nanga bambo akunyumba ali bwanji?"

Ndinati ali bwino. Apo n'kuti nditavundikira kale ndi kope chithunzi cha ine ndi Aoife, mkazi wanga.

Sukulu yonse imatidziwa, mbendera ya utawaleza, chizindikiro cha anthu ngati ife, ili pageti pomwe. Koma munthu akangondilonjera m'Chichewa, ndimayamba kudzibisa ngati ndili kwathu ku Zomba.

Tadala, mwana wa Mayi Phiri, anaona zonse. Yemweyu amene sabata yatha anandinong'oneza kuti amakonda mtsikana mnzake, ine n'kumuuza kuti asachite manyazi. Potuluka sanandiyang'ane n'komwe.

Mawa piriyodi yoyamba ndi ya kalasi yake. Ndikaima bwanji kutsogoloko?