Alamu anga anaotcha chithumwa cha mwana wa aneba

Aphungu,

Loweruka pa 14 Malichi aneba athu, mayi Lukia, anapita kumsika wa ku Lizulu kukapikula mbatatesi ndi kabichi. Mwana wawo Sakina anamusiya kwathu ngati mmene amachitira masiku onse a msika. Ine ndinali nditatsikira kale kudambo kukapalira mpunga.

Ndikufotokozereni kaye mmene tikhalira. Ndine mlimi, sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye mundikhululukire kalembedwe. Ndili ndi akazi anga a Lufina ndi mwana mmodzi, Chimango, wa zaka zisanu. Wachiwiri tikumuyembekezera mu Meyi. Ife ndife Akhristu. Aneba athuwa, a Saiti ndi a Lukia, ndi Asilamu, ali ndi golosale pamsewu pano pa Nsipe. Pakati pa nyumba zathu pali mpanda wa udzu, koma panali mpata umene anaboola ana, kenako akuluakulufe tinaukuza kuti ndowa izidutsa. Moto, mchere, sefa, zonse zimadutsira pamenepo.

Tsikulo kunyumba kunabwera alamu anga amake Obed, akulu awo a akazi anga, ndi amayi ena awiri a gulu lawo la mapemphero. Anabwera kudzapempherera pakati pa a Lufina. Dzuwa litakwera, Sakina thupi linatentha, kenako anagwa n'kuyamba kuphiriphitha, maso atatembenuka. A Lufina anandiimbira foni akulira. Nditafika ndinapeza mwana ali pamphasa, amayi atamuzungulira akupemphera mokweza, pakhomo ponse pakununkha chikopa chopserera. Sindinafunse. Ndinanyamula mwana, n'kuimitsa kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala. Anapeza malungo. Anamugoneka, anamuika diripi, ndipo panopa ali bwinobwino, akuthamanga.

Za fungo lija ndinazimva pambuyo. Sakina amavala m'khosi kachikopa kosoka pa chingwe chakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi. Amake Obed atakaona akuti anati, "Satana walowera apa." Anatenga lumo, anadula, n'kuponya pambaula. Akazi anga akuti ananena kuti, "Achemwali, mwanayu si wathu." Iwo anayankha kuti, "Ndiye ukufuna afere m'manja mwako?" 

Kuchipatala a Lukia anafunsa za kachikopako. A Lufina anati mwina kanagwa panjinga. Koma mwana atatuluka anauza makolo ake yekha kuti, "Amayi aakulu a Chimango anaotcha cha agogo."

A Saiti anabwera kwathu. Sanakalipe. Anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Bambo a Chimango, munathamanga ndi mwana wanga, zimenezo sindidzaiwala mpaka kufa. Koma chija anamumanga ndi mayi anga asanamwalire. Foni yanga muli nayo. Alipo anandifunsa?" Ine pofuna kuti nkhani ithe ndinati, "Achimwene, chimagulidwa zingati kuti ndibweze?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi angawo mukawagula kuti?" Anadzuka n'kumapita. Kutacha tinapeza mpata uja atautseka ndi udzu watsopano, atamanganso ndi nsungwi.

Tsopano ine mutu wazungulira, Aphungu. Amake Obed akuti palibe cholakwa. Akuti, "Mwanayo wachira ndi pemphero kapena ndi chikopa? Ife tinatumidwa kulalikira, osati kusangalatsa aneba." Akufuna Lamulungu likudzali a Lufina akaimirire kutchalitchi kukachitira umboni, atchule dzina la mwana ndi la makolo ake, kuti anthu amve kuti mphamvu za mdima zinagonja. Pomwe a Paison okonza njinga, amene sapemphera kulikonse, nditawafotokozera anaseka n'kuti, "Akhristu inu ndi mmene mulili. Ngakhale m'minibasi simutilola kuodzera, munthu wakwera pa Nsipe ulaliki mpaka ku Lizulu."

Ndiye ndayamba kukayikira chilichonse. Kwathu tikamadya timapemphera, ndipo Sakina akakhalapo amatsinzina nawo, Ameni wake amaposa wa Chimango. Kodi kumenekonso n'kukakamiza? Wayilesi yathu imakhala pa nyimbo zauzimu, imamveka mpaka kwawo. Pa Khirisimasi ndinawaitana a Saiti kutchalitchi, iwo anati, "Kutchalitchiko pitani nokha, ine mundipeza pa mpunga." Nkhuku anazinga okha kuti adye nawo, tinadya tikuseka. Kodi ndinalakwa kuwaitana? Nawonso chimkuzamawu cha kumzikiti kwawo chimandidzutsa m'bandakucha, sindinadandaulepo, ndimangoti nthawi ya kudambo yakwana. Tsiku lina Chimango analondola Nasir, mkulu wake wa Sakina, ulendo wa kumadrasa. A Lukia anamubweza panjira, anabwera naye atamugwira dzanja, anati, "Uyu amafuna akalowe nawo, ndati tifunse kaye eni ake." Ine ndinati ayi asapite, nkhani inathera pomwepo. Ndiye mukuona kuti timakhala bwino.

Ine za mabuku sindidziwa, ndikufuna chochita. Tinagwirizana kale kuti a Lufina akapita kuchidikiro, Chimango azikhala kwa a Lukia, chifukwa nthawi imeneyo mpunga umakhala ukucha, ine ndimakhala kudambo kupirikitsa mbalame. Panopa a Lukia akakumana ndi akazi anga pamjigo amangoti "mwadzuka" n'kudutsa. Chimango amaima pampanda kuitana Sakina, kulibe kuyankha. Usiku amandifunsa kuti anatseka ndani.

Mundiuze malire ali pati. Mkhristu walalikira pati, ndipo wakakamiza pati? Kodi akazi anga akachitire umboni Lamulungu kapena ayi? Nanga a Saiti akana ndalama, ndiwabwezere chiyani?

B.K.
Nsipe, Ntcheu


Bambo B.K.,

Choyamba, munachita bwino kunyamula mwana osayamba mwafunsa mafunso. Sakina ali moyo, ndiye zotsalazi n'zotheka kukonza.

Mwafunsa malire. Malirewo anakuonetsani kale a Lukia tsiku lija anabwera ndi Chimango atamugwira dzanja. Mwana wanu anali wofuna yekha, kumadrasa kunali pafupi, inu simunali pomwepo ndipo simukanadziwa. Komabe iwo anati tifunse kaye eni ake. Inu munakana, iwo sanakwiye, ndipo Chimango anapitiriza kudya kwawo. Yezerani pamenepo china chilichonse chimene mwandifunsa: kodi munthuyo anali ndi mpata wokana, ndipo atakana anataya kanthu?

Kupemphera musanadye m'nyumba mwanu si kukakamiza. Makolo a Sakina ankadziwa kuti akusiya mwana kwa Akhristu, monganso inu mumadziwa kuti Chimango amaona aneba akuswali. Kuwaitana a Saiti kutchalitchi si kulakwa: anakana, mpunga anadyabe. Wayilesi ingochepetsani pang'ono, imeneyo ndi nkhani ya ulemu chabe. Ngakhale mlaliki wa m'minibasi amene akuwasowetsa tulo a Paison salanda munthu kanthu, ngakhale naye akanachita bwino kuona kuti anthu alibe kothawira. Ndipo amayi aja akanangogwada n'kupempherera mwana wodwala, ndikhulupirira a Saiti sakanabwera pakhonde panu ndi nkhani.

Chimene chinachitika pambaula n'china. Mwana anali atakomoka, sakanatha kukana. Makolo ake kunalibe, koma foni inalipo. Munthu anadula chinthu pathupi pa mwana wa eni ake, n'kuchiwononga moti sichingabwererenso. Kumeneko si kulalikira. Amake Obed angakhulupirire kuti chithumwa n'choipa, ndi ufulu wawo, ndipo angathe kuwauza a Lukia maso ndi maso. Ngakhale pakati pa Asilamu eniake alipo amene sagwirizana ndi zovala zotere. Koma wovula mwanayo ndi bambo ndi mayi ake, osati mlendo wobwera ndi lumo. Tangoganizani Chimango atadwala kwa aneba, inu n'kumupeza atametedwa mpala, akuti tamuchitira zabwino ndipo onani wachira. Mukanathokoza?

Za umboni wa Lamulungu, ayi. Akazi anu akafuna kuthokoza Mulungu kuti mwana wa mnansi wachira, athokoze, koma osatchula dzina, osatchula chithumwa. Pa Nsipe m'pang'ono. Pofika Lolemba nkhani idzakhala ili pagolosale ya a Saiti, makasitomala akumuloza Sakina. Kumeneko kudzakhala kuotcha kachiwiri. Alamu anu muwauze nokha, mwaulemu, Loweruka lisanafike, osawasiyira akazi anu amene ali ndi pakati ndipo amaopa akulu awo. Nenani kuti pakhomo panu mapemphero ndi olandiridwa, koma mwana wa munthu wina sakhudzidwa makolo ake asanavomere. Akavuta, kaonaneni ndi abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamudalira. Ambiri mwa iwo akhala ndi Asilamu moyandikana moyo wawo wonse, aimvetsa nkhaniyi.

Kenako mupite kwa a Saiti nonse awiri, masana, kudzera kukhomo la kumaso ngati alendo. Musatenge ndalama. Funso lanu lija la mtengo ndikudziwa munalifunsa ndi mtima wofuna kukonza, koma linawapweteka, ndipo mulipepesenso. A Lufina anene okha kwa a Lukia kuti chija sichinagwe panjinga, ndinanama chifukwa cha mantha. Ndikuganiza kuti bodza limenelo ndi limene latseka mpanda kuposa moto. Mayi angakhululukire zimene wachita mlendo, koma sangasiyenso mwana kwa munthu amene samuuza zoona. Musanene kuti "komatu wachira", musanene kuti "anali alamu si ife". Zinachitikira pakhomo panu. Mukatero mufunse ngati pali chimene angafune kuti muchite, ndipo akati palibe, muvomere. Chimene anasoka agogo a mwanayo simungabweze.

Chimango mumuuze zoona zomukwanira: akuluakulu analakwitsa, akukonza, iye ndi Sakina sanalakwe.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Mwana akayamba kuphiriphitha, wanu kapena wa wina, kabaza aitanidwe nthawi yomweyo, osadikira kuti bambo achoke kudambo. Opemphera apemphere ali m'njira. Muwauze zimenezi akazi anu mwana wachiwiriyu asanabadwe.

China, musapite kukapepesa muli ndi Meyi m'mutu. A Saiti ndi munthu wa malonda, amadziwa munthu wobwera kudzafuna kanthu. Yambani lero kufunafuna wachibale woti adzakhale ndi Chimango nthawi ya mbalame, kuti pokapepesapo musakatchule n'komwe za kuchidikiro. Akadzadzipereka okha a Lukia, mudzathokoze.

Ndipo mpanda uja musaukhudze, ngakhale Chimango alire chotani. Anatseka ndi iwo. Muwasiye adzatsegule okha.

Aphungu